Mawu a Amayi M'kabati ya Chitsulo

Anabwera Loweruka masana, m'zaka zija ufa unkasowa ku Matero, komboni yathu ya mu Lusaka, mpaka anthu kumathamangira lole iliyonse yoima pafupi ndi sitolo. Ine ndinali ku sekondale. Atate anali atachotsedwa ntchito fakitale yawo itachepetsa anthu, ndipo nyumba yonse inkadalira tebulo la amayi la matimati pamsika.

Alendowo anali awiri. Wina anali bambo wamtali wandevu, mphunzitsi wa ku yunivesite, amene anthu ankawatchula kuti ba dokota ngakhale kuti sanali a kuchipatala. Winayo anali mzungu wamkazi, mnzawo pa kafukufukuyo, atanyamula wailesi ya kaseti m'manja ngati khanda. Anali atazungulira kale pamsika kupempha amayi ogulitsa kuti awafotokozere mmene ankadyetsera mabanja awo zinthu zitafika pothina chonchi. Ena anakana poopa kuti mwina ndi akazitape. Amayi anga anavomera alendowo asanamalize n'kupempha komwe. Pa nkhani ya kulankhula amayi sankafuna kunyengereredwa.

Tinabwereka mipando kwa oyandikana nawo n'kuika pansi pa mtengo wa mango. Amayi anavala chitenje cha kutchalitchi, anakhala pamphasa, n'kuyang'ana kabokosi kaja mokayikira.

"Kodi kanthu aka kamamva Chinyanja?"

"Kamvela vonse, amai," anatero ba dokota akuseka. "Kambani chabe monga mukamba na anzanu pamsika."

Analankhula mpaka mthunzi unasuntha, ifenso n'kusuntha mipando. Anafotokoza za mizere ya ufa, mmene munthu ankasiyira dengu kuti limusungire malo, ndi ndewu zimene zinkabuka wina akalikankha. Anafotokoza mmene ankagawira mafuta ophikira m'timapulasitiki tating'ono ngati chala kuti osauka anzawo akwanitse kugula. Ananena, ine ndili pomwepo, kuti masiku ena ankatinamiza kuti adya kale kumsika. Kenako anasiya zimene anafunsidwa n'kulowa za kwawo ku Katete, za ulendo wawo woyamba wa ku Lusaka atakhala pamwamba pa matumba a mtedza, mpaka anaimba nyimbo ya kumunda imene ine ndinali ndisanaimvepo. Mzungu uja ankangotembenuza kaseti, ikadzaza n'kuikamo ina.

Pomaliza anabweza pang'ono n'kuiliza kuti amayi adzimvere okha. Amayi anagwira pakamwa.

"Ndine ameneyo? Ndiye ndimalankhula ngati ndikukangana ndi kondakitala!"

Tonse tinafa ndi phwete, atate omwe amene anali atasiya kuseka masiku amenewo. Ba dokota anasiya mtanda wa sopo wochapira, n'kuwagwira dzanja amayi ndi manja awiri.

"Tizabwela, amai. Tizakuitanani monse ba pamsika, muzamvele vimene munakamba. Vinthu ivi ni vanu, ife tabweleka chabe."

Sanabwerenso. Poyamba amayi ankafunsa kuti kodi anthu a kawailesi aja anasochera, kenako anasiya. Ine ndinamaliza sukulu, ndinachita maphunziro a uphunzitsi, n'kuyamba ntchito pa pulayimale ina ku komboni ya George. Ndinakwatiwa, ndinabereka. Atate anamwalira. Ndiyeno m'mawa wina amayi akukonza milu ya matimati patebulo anangoti khu pansi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo unayamba kukokota, ndipo lilime linalemera. Nzeru zinalipo zonse, m'maso munkaoneka, koma pa mawu onse amene amayi anali nawo panatsala amodzi okha akuti "eya". Ndi mawu amenewo ankavomera, ankakana, ankatikalipira.

Ndinabwerera ku Matero ndi banja langa kuti ndiziwasamalira. Tsiku lina mwana wanga wamkazi, amene panthawi ya ngoziyo anali woyamwa, anawayang'ana ali pamphasa pakhomo n'kundifunsa mokweza:

"Amami, ambuya anabadwa so, osakamba?"

Amayi anamva. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira makaseti aja.

Mwayi unali wakuti chaka chimenecho ndinapeza malo ku yunivesite owonjezera maphunziro a uphunzitsi. Ba dokota ndinawapeza mosavuta, chifukwa tsopano anali mkulu wa dipatimenti ndipo phunziro limodzi ankatiphunzitsa ndi iwowo. Ndevu zinali zitayamba imvi. Mu ofesi mwawo, pafupi ndi zenera losweka lomatidwa ndi katoni, munali kabati yachitsulo yomangidwa ndi tcheni ndi loko. Tinayamba m'Chingerezi, koma nditatchula Matero anasinthira ku Chinyanja.

"Nine mwana wa amai aja a matimati. Munabwela kunyumba kwathu na muzungu."

"Aa! Amai aja okamba maningi! Aja anatiimbila nyimbo! Ali bwanji?"

Ndinawafotokozera. Anapukusa mutu, ndipo chisoni chawo chinali chenicheni, sindingawanamizire. Kenako anamenya kabati ija ndi chikhato monyadira.

"Vonse vili umu, ba ticha. Palibe chinataika."

Ndinati ndikupempha mawu a amayi okha basi, ndibweretsa kaseti yangayanga, tikopera mu ofesi momwemo iwo akuona. Nkhope yawo inasintha ngati munthu amene wapemphedwa ngongole.

"Vinthu ivi siviyenda so. Makaseti aya ni makope chabe, eni-eni anayenda kunja na munzanga uja. Tinapangana na anthu amene anapeleka ndalama kuti palibe chizachoka popanda tonse kuvomela. Lembelani munzanga. Akavomela, ine nilibe vuto."

Ndinalemba. Yankho linabwera mvula itatha, laulemu kwambiri, papepala losalala. Mzungu uja anati amawakumbukira bwino amayi. Makasetiwo akusungidwa mosamala m'nyumba ya mabuku ya yunivesite ya kwawo, ndipo wofufuza aliyense wovomerezeka angathe kupita kukawamvera komweko. Koma zokopera, zimenezo n'zofunika chilolezo cha mnzawo wa ku Lusaka. Ndinawerenga nditaima pakhomo pa positi ofesi, m'thumba mulibe ngakhale ya minibasi yobwererera kunyumba, ndikuuzidwa kuti ndikwere ndege ndikamvere amayi anga.

Nthawi yomweyo tinapatsidwa ntchito ya kafukufuku wathuwathu yomalizira maphunziro. Ine ndi anzanga angapo tinauzidwa kuti tifufuze mmene amayi ogulitsa m'misika ya m'makomboni akuthanirana ndi kukwera kwa mitengo. Ndinakweza dzanja m'kalasi n'kufunsa ngati tingamvere kaye zimene amayi a ku Matero ananena zaka zija, kuti tione chimene chasintha. Ba dokota anati wophunzira wabwino amakadzitolera yekha. M'kalasi momwemo ankakonda kunena kuti kafukufuku wanga anapeza chakuti, kafukufuku wanga anaonetsa chakuti, ife n'kumalemba, popanda ndi mmodzi yemwe amene anamvapo kapena kuonapo zimene mawuwo anachokera. Pa mayeso tinkawabwezera zomwezo.

Tinapita kumsika ndi mafunso athu. Ine ndinkadalira kuti poti ndine mwana wa pamenepo andilandira. Tinayambira kwa amayi ena ogulitsa nyemba, mnzawo wa amayi wa kalekale. Anandilonjera bwino, anafunsa za odwala, koma mnzanga atangotulutsa cholembera anaika manja m'chiuno.

"Futi? Mwabwela futi? Mudya kangati pa siku, ndalama muichosa kuti, ana ni angati. Tinakamba kudala ivi! Anabwela ba ndevu na muzungu, tinakamba. Anabwela benangu na mamotoka oyela, tinakamba. Manje iwe mwana wanga naiwe? Yenda ukafunse kawailesi kaja, kaziba vonse. Ife tili na nchito."

Amayi a matebulo oyandikana anavomereza mokuwa. Wina anati tikafuna mayankho tigule kaye tomato. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba, komabe sindikanawatsutsa. Anali atapereka kale masana awo, nkhani za njala zawo, manyazi a m'nyumba zawo, ndipo palibe chimene chinabwerera. Tinalemba kafukufuku wathu ndi timayankho towerengeka topemphapempha, chikhalirecho mayankho enieni ali kuseri kwa khoma la kalasi yathu, atamangidwa ndi tcheni.

Ndinabwerera ku ofesi kuja ndi yankho la mzungu m'manja. Ba dokota ndinawapeza pamalo oimika magalimoto, akugulitsa mazira kwa aphunzitsi anzawo kuchokera kumbuyo kwa galimoto yawo yokalamba. Ankaweta nkhuku kunyumba, monga ankachitira ambiri masiku amenewo, chifukwa malipiro a mphunzitsi wa yunivesite sankafika pakati pa mwezi. Ndinadikira mpaka anamaliza, tinakwera limodzi ku ofesi kwawo.

"Munzanu akuti chilolezo chili na imwe," ndinatero.

Anawerenga, anapinda pepalalo. Kenako ananena zoona zake.

"Ba ticha, muona mwekha mwamene tikhalila. Ine nilibe munda, nilibe ng'ombe. Chuma changa ni ichi chili mu kabati. Buku sininasilize. Nikakupasani imwe, mawa azabwela wina, mkucha wina. Kaseti imodzi ikachoka, izayenda manja na manja, ndipo wina wamene ali na ndalama azalemba buku ine nikali kugulisa mazila."

Ndinawamvetsa, ndipo kumvetsako n'kumene kunandiwawa kwambiri. Njala yawo ndinkaidziwa, inali njala yathu tonse. Koma ng'ombe zimene ankazitchingira m'kholazo sizinali zawo. Anazitenga pansi pa mtengo wa mango kwathu, atanena ndi pakamwa pawo kuti abwereka.

"Ine sinilemba buku, ba dokota. Nifuna mwana wanga amvele ambuya ake."

"Palinso nkhani ya chisinsi. Tinalonjeza anthu aja kuti mau awo sazamveka kwa aliyense."

"Chisinsi cha ndani? Mwine wake ali moyo, ali ku Matero."

"Nanga eve akamba kuti afuna?"

Sindikudziwa ngati anaganiza asanafunse. Ndinaimirira, ndinatuluka osatsazika, chifukwa ndikanatsegula pakamwa maphunziro anga akanathera pomwepo.

Kunyumba ndinawauza amayi zonse, n'kuwafunsa ngati angapirire ulendo. Anamenya mphasa ndi dzanja lamanzere, n'kuloza bokosi mmene munkakhala chitenje cha kutchalitchi. Mlongo wanga wamng'ono, amene ankawotcherera zitsulo ku Kalingalinga, anajomba kuntchito kuti atithandize. Tinawakweza minibasi, kondakitala akudandaula kuti tikuchedwetsa anthu. Ku yunivesite chikepe chokwerera m'mwamba chinali chitafa kalekale, choncho mlongo wanga anawabereka kumsana pamasitepe onse, ophunzira akupatuka n'kumatiyang'ana. Amayi amene ankasenza bokosi la matimati kuchokera pa siteji mpaka pamsika osapuma, lero ali lende pamsana pa mwana wawo, nsapato imodzi ili m'manja mwanga.

Ba dokota atationa anadzidzimuka. Anachotsa mabuku pampando, anagwada pansi powalonjera.

"Amai, mwanikumbukila?"

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Afunseni mwekha," ndinatero ine. "Munati mufuna kumvela kwa eve."

Anatembenukira kwa amayi. "Amai, mufuna kumvela mau anu aja?"

"Eya," anatero amayi, mwamphamvu mpaka malovu anatuluka pambali pa mlomo. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija n'kuloza kabati.

Ndinaganiza kuti zatheka. Ba dokota anasisita m'matumba, anatsegula madirowa, n'kunena kuti kiyi wa loko anatsala pa makiyi ena kunyumba. Anawonjezera kuti makasetiwo alibe maina, ali ndi manambala okha, ndiye afunika nthawi kuti apeze ya amayi. Mlongo wanga anati loko ngati ameneyo amamudula tsiku lililonse, angomulola akabwereke sowo. Ba dokota anaseka kuseka kopanda mano.

"Iyai, iyai. Nipaseni chabe sabata ibwela. Nalonjeza pamaso pa amai."

Anatipatsa mazira angapo m'pepala kuti odwala akadye. Mlongo wanga anafuna kuwasiya patebulo pomwepo, koma kunyumba kunalibe ndiwo, ndipo ndinawalandira. Mpaka lero ndikakumbukira dzanja langa likulandira mazira amenewo ndimadzida.

Sabata yotsatira ophunzira anachita zionetsero pa nkhani ya chakudya, yunivesite inatsekedwa, tonse tinathamangitsidwa. Itatsegulidwa patapita miyezi, pachitseko cha ofesi ija panalibe dzina. Ba dokota anali atapeza ntchito ya malipiro abwino m'dziko loyandikana nalo, monga ankachitira aphunzitsi ambiri, ndipo anachoka osatsazika. Mphunzitsi watsopano amene anapatsidwa ofesiyo ankafuna kabatiyo kuti aziikamo zake. Anaitanitsa munthu wodula loko, zam'katimo n'kuzilongedza m'makatoni n'kuziika pakhonde. Iye sankadziwa kuti ndi chiyani, ndipo palibe anamuuza.

Masiku amenewo kaseti yopanda kanthu inali yodula ndiponso yosowa. Makatoni odzaza makaseti ali pakhonde opanda mwini, mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani? Ophunzira anatola, ogwira ntchito anatola. Mmene ndinkafika, m'katoni munali fumbi ndi zikuto zosweka. Ndinayenda m'zipinda zogona ophunzira, chitseko ndi chitseko, kupempha aliyense amene anatolako. Ena anakana, ena anandibwezera mwamanyazi. Ndinasonkhanitsa odzaza kathumba ka pulasitiki.

Zinthu zimene ba dokota anazikaniza mwini wake, zimene anazikaniza ophunzira awo omwe, zimene ankati n'zachinsinsi, zinathera m'mawailesi a anyamata. Akanalola kope imodzi yokha kupita ku Matero, kapena ku nyumba ya mabuku imene inali pafupi ndi ofesi yawo, bwenzi china chitapulumuka.

Ndinabwereka wailesi kwa mphunzitsi mnzanga, ndinagula mabatire, n'kuyamba kumvera imodzi imodzi Loweruka ndi Lamlungu, amayi ali pambali panga. Inali rumba yokhayokha. Ina nyimbo za kwaya, ina ulaliki. Ndinkamvera mpaka kumapeto kwa mbali iliyonse, chifukwa ndinaona kuti nyimbo zikatha pamatsala kachidutswa kosafufutika. M'tizidutswa tambiri munali phokoso la mphepo, kapena tambala, kapena chifuwa cha munthu. Koma pa kaseti ina, gitala atangoti zii, panamveka mawu a mzimayi, omveka bwino ngati ali m'nyumba momwemo:

"...ndiye nikaona kuti kapenta yachepa, nimaika madzi yambili na mchele, bana baziti ni supu. Mwana samaziba kuti ni njala ngati iwe make useka."

Kenako kuseka, kenako mawu ena pang'ono, kaseti n'kutha.

Sanali amayi. Koma amayi anawazindikira ine ndisanawazindikire. Anayamba kumenya mphasa kuti ndibweze. Anali amayi ogulitsa kapenta, tinsomba touma tija, amene tebulo lawo linkayang'anana ndi lathu, amene anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ndinabweza mpaka amayi anatopa ndi kulira.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa mwana wamkazi wa malemuwo, amene analowa pa tebulo la kapenta lija. Ndinamuitanira kuseri kwa msika n'kumuyatsira wailesi. Anakhala pansi pafumbi. Atamvera kachiwiri anandigwira mkono.

"Nanga kwina? Banakamba siku yonse, ninalipo ine. Kwina kuli kuti?"

Ndinamuuza kuti kwina kuli pansi pa rumba. Kasetiyo ndinamusiyira.

Nkhaniyo inafala Matero yense ndipo inakula m'njira. Anthu anamva kuti ba ticha apeza mawu a amayi onse a pamsika. Anayamba kubwera kunyumba, ena atanyamula mawailesi awo ndi mabatire atsopano. Kunabwera mnyamata woyendetsa wilibala amene mayi ake ankagulitsa makala, kunabwera bambo wachikulire wofunsa za malemu mkazi wake, kunabwera amayi awiri apachibale kuchokera ku Chawama atavala ngati akupita ku tchalitchi. Amayi a nyemba aja, amene anatithamangitsa, nawonso anabwera madzulo ena n'kufunsa motsitsa mawu ngati awo apezeka. Aliyense ndinkamukhazika pansi, n'kumufotokozera kuyambira pachiyambi, n'kumuona nkhope ikugwa. Bambo wachikulire uja sanakhulupirire. Anaumirira kumvera yekha makaseti onse a m'kathumba, anakhala pakhomo pathu tsiku lathunthu chipewa chili pabondo, akumvera nyimbo zovina za achinyamata, kudikira kumapeto kwa mbali iliyonse.

Amene anawajambula anali kutali, wina kutsidya kwa nyanja, wina kutsidya kwa malire, ndipo palibe anagogodapo pakhomo pawo. Woyankha mlandu wawo ndinali ine. Amayi anamwalira mvula yotsatira itangoyamba, ndipo ngakhale pamaliro pawo mzimayi wina amene sindinkamudziwa anandikokera pambali, anandipepesa, kenako n'kundifunsa ngati m'makaseti muja ndinamvamo mawu a munthu wa ku Petauke wogulitsa chinangwa.